Mwana Agone kwa Yani?

Mu Epulo 2020, boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 pothana ndi Covid-19, mayi a mwana wanga anandiimbira foni ali ku Ndirande. "Bambo a Tadala, sabata ino ndi yanu, koma mwanayu sakwera minibasi."

Ndinapsa mtima. Banja linatha, inde, koma pangano logawana masabata tinapangana pamaso pa ankhoswe. Usiku ndinadzifunsa: kodi ndikulimbira mwana, kapena sabata yanga? Kugawana masiku mofanana kumatonthoza ife akuluakulu. Wopanikizika m'minibasi ndi mwanayo.

Bwalo Lalikulu linaimitsa m'bindikirowo usanayambe n'komwe. Ndinamusiyabe Tadala ku Ndirande miyezi iwiri. Anzanga amandiyamikira kuti ndinaganiza mwaumunthu. Sindiwauza kuti miyezi imeneyo ndinkagona tulo tabwino zedi.