Mutu umodzi susenza denga

Makolo athu ankamanga denga la nkhokwe pansi, likatha n'kuitana anansi kuti alikweze pamodzi, chifukwa wolisenza yekha limamuphwanya khosi. Phunziro la mwambiwu likuoneka pa matenda a khansa m'Zambia. Chipatala cha Cancer Diseases Hospital ku Lusaka chinatsegulidwa mu 2007, ndipo kwa zaka zambiri ndicho chokha chimene chinali ndi makina owotcha khansa m'dziko lonse. Mayi wa ku Chipata amene amupeza ndi khansa ya khomo la chiberekero amayenda makilomita oposa 500 mumsewu wa Great East, atagulitsa kale mbuzi kapena mtedza kuti apeze thiransipoti, kenako n'kukaima pamzere umodzi ndi odwala a zigawo zonse. Pamene akudikira, chotupa chimakhala chikukula.

Ena amati n'kovuta kutsegula zipatala zina zotere chifukwa makinawo ndi okwera mtengo, ndipo kuphunzitsa dokotala mmodzi wa khansa kumatenga zaka zambiri. Zimenezo n'zoona, koma ntchito yaikulu imayambira kumudzi. Kuyeza khomo la chiberekero ndi viniga, kumene kunayamba m'Zambia mu 2006, namwino wophunzitsidwa bwino amakuchita pa kiliniki, ndipo katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, wakhala akuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse kuyambira 2019. Odwala akapezeka msanga, mzere wa ku Lusaka umafupika. Choncho boma liwonjezere akatswiri ku Chipata Central Hospital, ndipo mafumu ndi mipingo alimbikitse amayi kukayezetsa asanamve kupweteka.