Kodi Mlendo Amange Nyumba ku Babulo?

Pamene Ayuda anatengedwa ndende kunka ku Babulo, panauka aneneri awiri otsutsana: Hananiya, amene anawalonjeza kuti zisanathe zaka ziwiri adzaonanso kwawo, ndi Yeremiya, amene anawalembera kalata yowawa, yowauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana awo ndi kufunira mtendere mudzi umene unawagwirawo, popeza zaka 70 zinali patsogolo pawo. Mlandu wa aneneri awiriwa sunathe kufikira lero lino, pakuti yense wochoka kwawo kukafuna ntchito kwa eni amauzenga mumtima mwake usiku ndi usana.

Taonani anthu a ku Ecuador. M'mwezi wa Marichi 1999 boma lawo linatseka mabanki ndi kumanga ndalama za anthu, ndipo chaka chotsatira ndalama yawo ya sucre inafa, m'malo mwake mukulowa dola ya ku America. Pamenepo anthu zikwi mazanamazana anawoloka nyanja kunka ku Spain, poyesa kuti kumene chinenero ndi chipembedzo n'zofanana ndi zawo sakakhala alendo. Anakapeza kuti lilime limodzi silichititsa anthu ubale, pakuti katchulidwe kokha kanali kuwaulula. Amene anali mphunzitsi kwawo anasanduka wosambitsa nkhalamba ku Madrid, namagona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini ya bwana wake. Lamulungu anali kuima pamzere kusitolo ya matelefoni, kuti amve mawu a mwana amene anamsiyira agogo, mwanayo nayankha mwamanyazi monga ayankhira mlendo. Amuna anabalalikira ku ntchito zomanga ndi ku minda ya ndiwo zamasamba ya ku Murcia, kumene pa 3 Januwale 2001, pafupi ndi Lorca, sitima inagunda galimoto imene anapanikizanamo polawirira kumunda, nafa anthu 12.

Ambiri a iwo poyamba anali ophunzira a Hananiya. Zaka ziwiri zokha, anatero, ndibweze ngongole ya ulendo, ndimange nyumba kwathu, ndibwerere. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma munthu wokhala ndi katundu womangamanga sadzala mtengo, sapalana ubwenzi, ndipo moyo wake umam'dutsa iye akali chidikirire. Chotero pamene boma la Spain linapereka mapepala kwa ambiri mu 2005, anatembenukira kwa Yeremiya: anaitanitsa ana awo, nakongola ndalama kumabanki, nagula nyumba.

Apa m'pamene funso likulira, pakuti amene anamvera Yeremiya ndiwo anapsa koposa. Chuma chitagwa mu 2008 ntchito zomanga zinaima, mabanki analanda nyumba zija, ndipo mwa lamulo la dzikolo ngongole inatsalabe pakhosi pa wolandidwayo. Kodi tinene kuti Hananiya ndiye ananena zoona?

Ine ndikana. Yeremiya sanalonjeze kuti Babulo adzakhala wachifundo, ndiponso nyumba sindiyo inali mtima wa kalata yake, koma kuti mtendere wa mlendo ndi wa mwini mudzi n'zomangika pamodzi. Anthu a ku Ecuador anali m'gulu la oyamba kusonkhana ku Madrid kudandaula za ngongole za nyumba, ndipo pamene eni dziko nawonso anayamba kutulutsidwa, mlendo ndi mbadwa anaima pakhomo limodzi kutsekereza odzalanda. Monga akulu ananenera, kalumo kakuthwa kanabwera ndi mlendo. Wodikira ulendo wa mawa sakadaima pakhomo la mnzake, popeza sakadam'dziwa ndi dzina lomwe. Komabe alendowo kukumbukira kwawo sanaleke, pakuti chaka ndi chaka amanyamula chifaniziro cha Maria wa kwawo ku El Cisne m'misewu ya Madrid. Amene analakwa pa nkhani imeneyi ndi mabanki okongoza mosalabadira, osati alendo amene anafuna kukhala monga anthu.