Kodi mwini bwalo amalakwa akakonza dothi mokomera anyamata ake?

Pa masewero a kiriketi, dziko lolandira alendo ndilo limakonza pichi, kamzere ka dothi ka mayadi 22 komwe mpira umagunda usanafike kwa womenya. Okonza bwalo akasiya udzu ndi chinyezi, mpira umapatuka ukangogunda pansi, ndipo oponya mwaliwiro amasangalala. Akaumitsa dothi mpaka ling'aluke n'kumatulutsa fumbi, tsikulo ndi la oponya mopotokola. Nanga chilungamo chingakhalepo bwanji ngati mmodzi mwa opikisanawo ndiye wasankha nthaka yolimbiranapo? Chilipo ndithu, bola dothilo lisiye mpata woti luso lioneke.

Pichi imakhala imodzimodzi kwa matimu onse awiri, ndipo dothi palokha silitulutsa womenya aliyense. Limangopatsa mphamvu dzanja lodziwa kale ntchito. India idapambana mipikisano 18 ya Test (masewero a masiku asanu) motsatizana pakhomo pake kuyambira 2013 mpaka 2024, makamaka chifukwa inali ndi Ravichandran Ashwin ndi Ravindra Jadeja, akatswiri okulira pa dothi louma, odziwa pomwe mpira uyenera kugwera kuti upotoloke. Chomwe mlendo amachitcha kukondera, kawirikawiri ndi phindu la zaka zambiri zophunzira nthaka ya kwanu, ndipo palibe tchimo pokolola zimene unalima.

Ena anganene kuti eni bwalo amanyanya, n'kutchula za ku Ahmedabad mu 2021, komwe masewero a masiku asanu a India ndi England adatha tsiku lachiwiri. Dandaulo limeneli n'lomveka. Koma pamasewero omwewo Joe Root wa ku England, womenya amene amaponya mwa apo ndi apo, adatulutsa anthu asanu atangopereka marani asanu ndi atatu. Dothi likanyanya, katswiri ndi wongoyesera amafanana, ndipo mwini khomo amataya chomwe chimamusiyanitsa ndi mlendo. Ku Pune mu 2017, Steve O'Keefe wa ku Australia adatenga mawiketi 12, India n'kugonja ndi marani 333. Mumzinda womwewo mu 2024, Mitchell Santner wa ku New Zealand adatenga 13, ndipo ufumu wa India pakhomo udathera pomwepo. Ku Cape Town chaka chomwecho, South Africa idathera pa marani 55 pa pichi yodumphitsa mpira, India n'kupambana. Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Enanso amati mapichi onse padziko azikonzedwa mofanana. Zikatero tingataye muyeso weniweni wa wosewera, chifukwa womenya wamkulu amadziwika akapirira mpira wodumpha wa ku Perth, mitambo ya ku Leeds ndi fumbi la ku Chennai. Bungwe loyang'anira kiriketi padziko lonse la ICC limachita bwino polanga bwalo lomwe pichi yake yaipa, osaletsa kusiyana kwa nthaka. Mwini bwalo ali ndi ufulu wosankha mayeso, koma akhale mayeso oti wokonzekera bwino, kaya ndi mlendo kaya mwini khomo, angathe kukhoza.