Chikasweka, Tigulenso?

Pali mlandu umene umazengedwa m'nyumba iliyonse ngakhale palibe mfumu imene imaumva. Mlanduwo ndi uwu: chinthu chikasweka, kodi tigulenso china kapena tingochileka? Ena anena kuti iyi ndi nkhani ya m'thumba chabe, yosayenera kuthera pepala. Ine ndikuti ayi. Tsiku limene chiwiya chasweka ndi pamene timadziwa ngati chinali kutitumikira, kapena ngati ife ndiye tinali kuchitumikira, ndipo yankho lake limaulula zambiri za mwini nyumba.

Kwathu kuno ku Chitakale, pamene msewu wa ku Likhubula ndi ku Phalombe umapatukira pa msewu waukulu wopita ku Muloza, ndimaona katundu wa m'nyumba ali m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene zikafa m'mawa, dzuwa silingalowe mwini wake asadapeze china. Mthiko ukathyoka, mphika ukabooka, chipande chikang'ambika, palibe msonkhano umene banja limachita. Njala ndiyo imagamula. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zokonzeka. Mpini ukaguluka timauika wina, lichero likamasuka mkombero timalisoka, ndowa ikadontha timapita nayo kwa okhoma zidebe amene amadula kunsi kodyekako naikapo lata lina. Gulu lachitatu ndilo landichititsa kulemba: zinthu zimene zikafa timazilira tsiku limodzi, kenaka mwezi n'kutha popanda wozifunsa.

Taganizani za wotchi ya pakhoma. Idalowa m'nyumba zambiri ngati mphatso ya paukwati, ndipo masiku amenewo inali ndi ntchito. Lero ikaima, ndani amachedwa nayo ku ntchito? Nthawi ili pa foni, ili pa wailesi, ndipo amene amathyola tiyi amadzuka kusadache popanda kuifunsa. Chimodzimodzi wailesi ya kaseti, nyali ya galasi imene tochi ndi magetsi a dzuwa zidailanda malo, ngakhalenso mbale zosweka zija zimene zimakhala m'kabati kudikira mlendo amene akabwera timamupatsabe nsima m'mbale za masiku onse. Zotere zikasweka, ine ndikuti zisagulidwenso. Kusweka kwake kwatichitira chifundo, pakuti kwatiuza zoona zimene tinkachita manyazi kuzivomera: kuti tinali kupukuta fumbi pa chinthu chimene ntchito yake idatha kalekale.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri timathamangira kukagula china? Ndiganiza kuti chimene timaopa ndi msomali wotsala pakhoma. Mlendo akalowa adzaona pamene padali wotchi, ndipo adzati banja ili latsika. Choncho timagulira maso a anzathu, ndalama imene ikadagula feteleza kapena yunifolomu ya mwana. Pamenepa munthu wasanduka wantchito wa khoma lake lomwe.

Koma mlandu sugamulidwa mbali imodzi isadalankhule. Wina angandifunse kuti, "Kodi nzeru zakozi si zongotonthozera mmphawi? Munthu walephera kugula, ndiye iwe ukumuuza kuti sadafune n'komwe?" Funso ili ndi lolemera ndipo sindilizemba. Mu Novembala 2023 mphamvu ya Kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja idakwera nthawi yomweyo. Chikhalirecho pali nyumba zambiri zimene sizigulanso fulasiki kapena simbi, chifukwa thumba lakana. Pali kusiyana pakati pa mawu akuti "sindikufuna" ndi akuti "sindingathe." Oyambawo ndi ufulu, achiwiriwo ndi unyolo, ndipo ndi nkhanza kutcha unyolo wa mnzako dzina la ufulu. Zimene ndikunena pano zikhudza munthu amene ali ndi kusankha. Amene alibe kusankha safunika phunziro, afunika ndowa.

Tidaziona zimenezi mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu oposa 500,000 m'chigawo cha kummwera adasowa pokhala. Amene adataya zonse tsiku limodzi adayamba kufuna mphika, ndowa, bulangete ndi mbale. Madzi adafunsa funso langa lija kwa midzi yathunthu nthawi imodzi, mwankhanza zimene palibe adazipempha, ndipo yankho lake lidatisonyeza kuti maziko a nyumba ya munthu ndi ziwiya zochepa kwambiri.

Wina angatsutsenso motere: "Kodi munthu ndi mbuzi, kuti azisamala zodya zokha? Nanga kukongola, nanga chikumbutso?" Apanso ndivomera. Nsalu ya pa tebulo siphika nsima, koma imauza mlendo kuti walandiridwa, ndipo imeneyo ndi ntchito. Komabe tisiyanitse chinthu ndi chimene chinthucho chasenza. Mtsuko umene adaumba agogo ako ndi manja awo ukasweka, ungagule wina pa msika wofanana nawo msinkhu ndi maonekedwe, koma sudzakhala mtsuko wa agogo. Wailesi ya Nzeru, ija inkapangidwa m'dziko momwe muno, imene bambo ako ankamvetserapo nkhani za madzulo, ilibe inzake m'sitolo iliyonse. Izi sitigulanso, osati chifukwa ndi zachabe, koma chifukwa mtengo wake suli m'ndalama. Kugula china msangamsanga kuli ngati kukana maliro. Bwino kusunga phale lake, kuwauza ana mwini wake anali yani, ndi kulola kuti malowo akhale opanda kanthu.

Tikumbukenso kuti chilichonse chimene timagula chimachokera penapake. Phiri la Mulanje, lotalika mamita 3,002 pa nsonga ya Sapitwa, ndilo kwawo kwa mkungudza, mtengo umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Kwa zaka zambiri mtengowu unkasanduka matabwa, zitseko ndi mabokosi onunkhira osungiramo zinthu. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala m'phirimo. Aliyense wogula ankati bokosi langa ndi limodzi lokha, ndipo mabokosi amodziamodziwo ndiwo adameta phiri. Chimodzimodzi mabeseni a pulasitiki amene amang'ambika pakangotha miyezi: tikagula lina, lakale lija silichoka pa dziko, limangosamukira m'ngalande kapena mumtsinje. Pamene ndikuti "ndigulenso," pali wina amene akulipira nane pamodzi ngakhale sadafunsidwe.

Tsopano ndifike pa mfundo imene imandivuta koposa zonse. Ndani ali ndi mphamvu yogamula kuti chinthu ichi sichiyenera kugulidwanso? M'nyumba zambiri wosunga ndalama ndi wina, wogwiritsa chiwiya ndi wina. Mbaula ikabooka, bambo angathe kunena mosavutika kuti, "Mafuwa alipo, bwanji osaphika pa nkhuni?" pakuti utsi sulowa m'maso mwawo ndipo mtolo wa nkhuni sukhala pamutu pawo. Tsiku lomwelo foni yawo ikasweka galasi, ndalama imapezeka. Sefa ikang'ambika, munsi ukatha mutu, ndowa yotungira madzi ikadontha, wovutika ndi mayi ndi mwana wamkazi. Apa kusagulanso sikukhala nzeru ayi. Ndi kusamutsa ntchito ya chiwiya n'kuisenzetsa pa msana wa munthu. Choncho lamulo langa ndi ili: wogamula akhale amene manja ake ankagwira chinthucho. Iye akati "musavutike, sindikuchisowa," mlandu watha. Akakhala chete, musayese kuti wavomera. Mwina watopa ndi kupempha.

Ndiye ndikafunsidwa kuti ndi ziti zosayenera kugulidwanso, sindipereka mndandanda, pakuti wotchi yosafunika kwa ine ingakhale yofunika kwa nkhalamba yopanda foni. Ndipereka mafunso atatu. Kodi mwezi ukatha, alipo amene akuchifunsabe? Kodi chikasowa, ntchito yake yagwera pa yani? Kodi ndikugulira nyumba yanga kapena maso a odutsa? Chinthu chikalephera mafunso onsewa, chilekeni chipite mwamtendere.

Chenjezo langa lotsiriza ndi lakuti muyeso umenewu ukhale wa ziwiya zokha. Mtima ukazolowera kufunsa kuti "kodi ichi chidakali ndi ntchito?" sukhalira kufunsa zomwezo za anthu. Pakati pathu pali okalamba amene adathera mphamvu zawo m'minda ya tiyi, dengu lili kumbuyo, ndipo lero manja akunjenjemera. Pali odwala amene sangathenso kugwira khasu. Makolo adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mtondo ukang'ambika tingathe kupita ku chigayo osatembenuka, koma amene ankasinja mumtondomo sali m'gulu lililonse la magulu atatu aja. Iye tiyenera kumsamala kufikira tsiku lake lomaliza, ndipo akapita, palibe msika umene tingakamugulenso.