Kodi Kukana Kamodzi Kumakwana?

Henny Porten anabadwira ku Magdeburg mu 1890, ndipo anali mmodzi mwa akatswiri oyamba a mafilimu ku Germany, nthawi ija mafilimu analibe mawu. Mu 1920 anasewera filimu ya Anna Boleyn limodzi ndi Emil Jannings, wotsogolera ali Ernst Lubitsch. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi dokotala Wilhelm von Kaufmann, yemwe anali wa mtundu wa Chiyuda.

Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, ukwatiwu unasanduka mlandu. Anamukakamiza kuti banja lithe, iye anakana. Ntchito zinayamba kusowa, dzina lija n'kumazilala. Komatu musaone ngati inali nkhani ya chikondi chabe. Masiku amenewo Myuda amene anali pabanja ndi munthu yemwe sanali Myuda ankatetezekako, sankafulumira kumutumiza ku misasa yachibalo. Kusaina kalata yothetsa ukwati kukanakhala kumutsegulira khomo la imfa. Kaufmann anapulumuka nkhondoyo, anadzamwalira mu 1959. Henny anamutsatira mu 1960.

Nkhani ikanathera apa, tikanangowomba m'manja. Koma Henny sanasiyiretu ntchito. Anasewerabe mafilimu angapo pansi pa boma lomwelo, monga Familie Buchholz ya mu 1944, pamene mafilimu onse ankadutsa m'manja mwa Joseph Goebbels. Nkhope yake inkasangalatsa anthu mabomba akugwa, sitima zikunyamula Ayuda ena omwe analibe wowaimira. Ndiye timutche chiyani, ngwazi kapena wogwirizana nawo?

Ine ndimaona kuti funsoli timalifunsa molakwika. Timafuna munthu woyera mbee kapena wakuda bii, chifukwa wotereyo savuta kumuweruza. Koma boma lankhanza limaonetsetsa kuti aliyense wadetsedwa pang'ono, ngakhale pofuna chakudya chenicheni. Zikatero, funso labwino n'lakuti: pamene zinafika pa munthu amene moyo wake unali m'manja mwako, unatani? Henny sakanatha kuimitsa sitima zija. Chimene akanatha n'kukana kusaina, ndipo anakana kwa zaka 12, akudziwa mtengo wake.

Izi sizifufuta mafilimu aja, ayi. Amakhalabe pa dzina lake. Koma ife amene timaweruza tili phee pa foni tiyambe tadzifunsa: ndani amene chitetezo chake chadalira ife lero, ndipo tingalolere kutaya chiyani kuti tisamusiye?