Kodi mlimi alipidwe posamala nthaka ya Mulungu?

Mu 2022 dziko la America linakhazikitsa lamulo la Inflation Reduction Act, lomwe limapeputsa msonkho kwa makampani opanga mafuta a galimoto osatulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko. Funso lomwe linabuka n'lakuti: nanga mlimi wa chimanga kapena soya wopangira mafutawo, ngati walima mosaguga nthaka, ake ndi ati? Nkhaniyi si yachilendo kuno. Kuyambira 1982 fakitale ya ku Dwangwa imatcheza ethanol kuchokera ku molasesi wa nzimbe, ndipo ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo. Kumadzulo kwake kuli Kasungu, komwe mabaani a fodya wa flue-cured adya nkhuni zaka zambirimbiri, zigafa za bale nazo zikumeza mitengo. Ine ndikuti mlimi wa ku Santhe kapena Chulu amene wasiya msangu m'munda, naphimbira nthaka ndi mapesi m'malo mowatentha, ayenera kulipidwa.

Okhulupirira ena akana. Iwo amati kusunga chilengedwe ndi udindo umene Mlengi anapatsa munthu, ndipo udindo sugulidwa. Ukayamba kulipira, tsiku limene ndalama idzathe nkhwangwa idzabwerera. Mantha amenewa ndi omveka, koma taonani Levitiko 25. Lamulo lopumitsa munda chaka chachisanu ndi chiwiri silinabwere lokha. Mulungu anadziwiratu kuti anthu adzafunsa za chakudya, nalonjeza zokolola zochuluka m'chaka chachisanu ndi chimodzi. Ngati mwini dziko sanalamule munthu kusamala nthaka ali ndi njala, ife ndife yani? Mtengo wosiyidwa ku Kasungu umapindulira wokwera minibasi ku Blantyre ngakhalenso mzungu wa ku London, pomwe wotaya nkhuni ndi malo olima ndi mlimi yekha. Kumulipira si kugula chikumbumtima chake, ndi kubweza ngongole.

Chovuta chenicheni chili pena. Malamulo onga la ku America lija amafuna umboni wolembedwa: walima bwanji, wathira feteleza wochuluka bwanji. Mwini esiteti mapepalawo ali nawo. Mayi wa ekala imodzi, kapena waganyu wopindira msana m'munda wa eni, alibe. Ndalama ikathera pa chipata cha fakitale, chilungamo chija chasanduka malonda. Alimi sanaiwalenso jatropha, amene kampani ya BERL inkalimbikitsa kubzala m'malire a minda kuti afinyidwe mafuta. Chiyembekezo cha mbewuyi chinazirala m'maiko ambiri a mu Africa. Ndiponso munda wa chimanga usalandidwe n'cholinga chodyetsa injini ana akugona ndi njala.

Choncho bungwe la MERA ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, akamakambirana zoonjezera mafuta ochokera ku mbewu, alembe poyera gawo la mlimi wamng'ono, lizidutsa m'makalabu ndi m'makopaletivi awo, ndipo mtengo wake uzidziwika mvula isanagwe.