Bwalo Lopanda Mbewu

Kodi malo amene sanalimidwe ndi malo otayika?

Funso ili ndi lolemera kuno ku Kalomwe. Dziko lathu la Angónia lili ndi nthaka yabwino ndi mvula yokwanira. Cifukwa ca ici anthu ndi ambiri, ndipo minda ikucepa. Cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere zakwera mpaka m'mbali mwa mapiri. Munthu akaona malo a udzu wokhawokha, dzanja limafuna khasu.

Tiyerekeze mudzi umene uli ndi bwalo lake. Madzulo anyamata amamenya mpira pamenepo. Atsikana amacita phada ndi fulaye. Akulu amasewera bawo pansi pa mtengo wa kacere. Gule wamkulu amavinidwa pomwepo, ngoma ya Angoni pomwepo. Tsiku lina amai amasiye afika kwa mfumu. Ali ndi ana anai, ndipo munda wao unakokoloka ndi madzi. Apempha mizere khumi m'mphepete mwa bwalo.

Ndani angawakanize? Njala imapweteka, ndipo mpira sadya. Ine ndikanakhala mfumu, mtima ukanandiuza kuti ndiwapatse. Koma caka camawa kudzabwera wina, nayenso ndi cifukwa comveka. Wina adzapempha pomanga kanyumba kogulitsiramo, popeza pamalire pano malonda ndi ambiri. Palibe wakuba pakati pao. Komabe pakapita zaka zisanu bwalo lidzakhala litatha. Ana adzayamba kusewerera mumsewu, momwe mumadutsa magalimoto akuluakulu a ku Dedza ndi ku Tete.

Munda uli ndi mwini wake. Mnzako akalumpha malire, umapita naye kwa mfumu. Bwalo ndi la onse, ndipo cinthu ca onse cimasowa wocilankhulira. Amene amalifuna koposa ndi ana, koma ana sakhala pa msonkhano. Ena sanabadwe n'komwe.

Vuto lomweli lilipo pa malo akuluakulu a cigawo cathu conse ca Tete. M'caka ca 2013 boma linakhazikitsa paki ya Mágoè, kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa. Kumeneko kuli njovu, mvuu ndi ng'ona. Malo otere amapatulidwa nthawi isanathe, pakuti nkhalango ikasanduka minda siibwerera msanga. Koma kumenekonso kuli amai amasiye. Njovu ikalowa m'munda usiku umodzi, banja lataya cakudya ca caka conse. Mlendo amabwera kudzaona nyama n'kubwerera kwao akusangalala. Mlimi amatsala ndi mapesi othyoka.

Anthu a kumeneko anayamba kale kufunafuna yankho. M'caka ca 1994, ku Bawa, m'mphepete mwa Zambezi, kunayamba nchito yochedwa Tchuma Tchato, ndiye kuti cuma cathu. Ndalama zimene alenje ocokera kunja ankalipira zinayamba kugawidwa, zina n'kupita ku midzi yokhala pamodzi ndi nyamazo. Mu 2005 boma linalamula kuti pa ndalama za msonkho wa mitengo ndi nyama, magawo 20 pa 100 alionse azipita kwa eni dera. Ndalamazi sizifika msanga nthawi zonse, ndipo madandaulo alipo. Koma ganizo lake ndi lolungama. Amene wataya kanthu cifukwa ca malo a onse, abwezeredwe ndi onse.

Mágoè ndi kutali. Mwana wa ku Kalomwe angathe kukalamba osaonako njovu ya kumeneko. Paki yake ndi bwalo la m'mudzi, dambo lodyetsera ng'ombe, ndi kaphiri kamene amakwera ndi anzake kukafuna masuku. Akuluakulu a ku Tete akamalemba mapulani a malo opumira ndi osewerera, asaone njovu zokha. Nafenso tisadikire kuti atiganizire. Lamulo la nthaka la 1997 limati nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa. Limalolanso mudzi kukhala ndi ufulu pa malo ake pamodzi: minda yolimidwa ndi yogonera, nkhalango, madyetsero a ziweto, akasupe, malo a miyambo, ndi malo amene mudzi udzakulire mtsogolo. Munthu wakunja asanapatsidwe malo, mudzi uyenera kufunsidwa.

Nanga amai aja? Sitingawabweze cimanjamanja. Koma wopereka asakhale bwalo. Apereke ndi anthu. M'mudzi uliwonse muli ena amene ali ndi tsala, ena ali ndi dimba lalikulu kuposa manja ao. Apa ndi pamene pavuta, abale. Kudula bwalo sikupweteka aliyense lero. Kudula munda wako kumapweteka lero lomwe. N'cifukwa cake timathamangira ku bwalo, n'kumati tacita cifundo, pamene tapereka za ana.

Ife amene taphunzira kulemba tili ndi nchito pamenepa. Tiitane mfumu, amai, abambo, ndi anyamata a mpira omwe. Tizungulire bwalo tonse, tibzale khonje kapena mitengo m'malire mwake. Tiwerenge mapazi m'litali ndi m'lifupi, tilembe pa pepala. Pepala limodzi likhale kwa mfumu, lina lipite ku boma ku Ulongwe. Pansi pake palembedwenso maina a amene apatsa amai aja mizere, ndi mizere ingati.